Shuga ndi mavitamini: botolo liti n'lothandizadi, liti n'longodya kwacha?

Pa kabati ya amayi aakulu ku Mtendere, pakati pa wailesi ndi chithunzi chaukwati chosuluka, panali mabotolo asanu ndi limodzi. Ndinawawerenga Lamlungu lina iwo ali kukhitchini kutereka tiyi. Awiri anachokera kwa mwana wawo wa ku Johannesburg, awiri anagulidwa m'mafamase a mumsewu wa Cairo, limodzi anatenga kwa mayi wina wa kutchalitchi amene amatsatsa malonda pa WhatsApp, ndipo lomaliza ngakhale eni ake sanakumbukire kuti linalowa bwanji m'nyumba. Kuseri kwa mabotolowo kunali kathumba kapulasitiki ka kuchipatala, ka metformin, kolembedwa ndi bolopeni: limodzi m'mawa, limodzi madzulo. Mwezi unali pakati, koma kathumbako kanali kodzaza ngati kabwera dzulo.

"Amayi, a kuchipatalawa simukumwa?"

"Ndimamwa, mwanangu, shuga akakwera. Masiku enawa ndikumwa achilengedwewa. Awa sapha impso."

Usiku womwewo ndinawapeza atakhala pamphepete mwa bedi, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira. Ankati akuyaka ngati aponda makala. Mmawa tikupita kukakwera minibasi patapata wakumanzere anavuka, iwo n'kuyenda masitepe anayi osadziwa kuti aponda pansi.

Nyumba ngati imeneyi si imodzi mu Lusaka muno. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2017 mothandizana ndi WHO anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse m'Zambia ali ndi shuga wokwera, ndipo kulikonse kumene kuli wodwala shuga, mabotolo amatsatira ngati nyerere. Tiyeni tiwatsitse pa kabatipo, tiwaone limodzilimodzi.

Choyamba kumvetsa

Shuga wa akuluakulu, wa mtundu wachiwiri uja, amabwera pamene thupi lasiya kumvera insulini, amene amatsitsa shuga wa m'magazi, ndipo kapamba akulephera kupanga wokwanira. Metformin amaletsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi. Glibenclamide ndi anzake amakakamiza kapamba kutulutsa insulini. Jekeseni wa insulini amalowa m'malo mwa amene akusowa. Palibe vitamini amene amagwira ina mwa ntchito zitatuzi. Metformin yekha amatha kutsitsa HbA1c, muyeso uja wosonyeza mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu, ndi nambala yathunthu kapena kuposerapo, monga kuchoka pa 8.5 kufika cha m'ma 7.5. Botolo la mavitamini silinaonetsepo mphamvu yotero pa kafukufuku aliyense wamkulu. N'chifukwa chake bungwe la American Diabetes Association, m'malangizo amene limatulutsa chaka ndi chaka, limabwerezabwereza kuti palibe umboni wakuti mavitamini amathandiza wodwala shuga amene thupi lake silikuperewera kanthu.

Mawu omalizawo ndiwo mutu wa nkhani. Vitamini amatseka dzenje ngati dzenjelo lilipo. Funso loyenera kufunsa pa botolo lililonse ndi lakuti: kodi ine ndili ndi dzenje limeneli?

B12: botolo limene nthawi zambiri limasowa pa kabati

Pa mavitamini onse, amene ali ndi chibale chenicheni ndi matenda a shuga ndi B12, ndipo chibalecho chimadzera mwa metformin yemweyo. Metformin akamwedwa zaka zambiri amachepetsa B12 amene matumbo amayamwa m'chakudya. Sizionekera msanga chifukwa chiwindi chimasunga B12 wa zaka zingapo, ngati nkhokwe. Munthu amayamba mankhwala, chaka choyamba bwinobwino, chachiwiri chimodzimodzi, ndiye chaka chachinayi kapena chachisanu nkhokwe ija yafika pansi. Mu 2022 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain, MHRA, linalengeza kuti vutoli si lachilendo: limatha kugwira munthu mmodzi mwa 10 omwa metformin, makamaka omwa mlingo waukulu kwa nthawi yaitali.

Chovuta n'chakuti zizindikiro zake zimavala malaya ofanana ndi a shuga. Dzanzi m'mapazi, kubaya ngati singano, kuyaka usiku, kudzandira poyenda mumdima: zonsezi shuga wokwera amabweretsa powononga minyewa, ndipo kusowa B12 kumabweretsanso zomwezo. Wodwala akadandaula, aliyense amangoti "ndi shuga ameneyo," nkhani n'kuthera pomwepo. Zina zimene zingakutsineni khutu ndi kutopa kosatha, magazi ochepa, lilime lofiira lowawa ndi kuiwalaiwala. Amene ali pangozi kwambiri ndi okalamba, amene nyama, nsomba ndi mazira zimawadutsa patali, komanso amene amamwa omeprazole tsiku ndi tsiku chifukwa cha zilonda zam'mimba, poti mankhwala ochepetsa asidi nawonso amatsekereza B12. Amayi aakulu anali m'magulu atatu onsewa, ndipo metformin anali atamwa zaka zisanu ndi zitatu, kudumphadumpha kumene kuja kusanayambe.

Njira yolongosoka ndi kuyezetsa magazi, kutchula dzina lenileni kuti mukufuna muyeso wa B12. Kuyeza kuchuluka kwa magazi kokha sikukwanira, chifukwa minyewa imatha kuyamba kuwonongeka magazi akuonekabe abwino. Akapezeka wochepa pali njira ziwiri. Mapiritsi a cyanocobalamin, kawirikawiri a 1,000 mcg patsiku, amakwanira anthu ambiri amene vuto lawo ndi metformin kapena kadyedwe. Thupi limangofuna 2.4 mcg patsiku, koma m'piritsi lalikulu chotero kachigawo kochepa kokha n'kamene kamalowa m'magazi. Jekeseni ndiye wa amene B12 watsika kwambiri, amene minyewa yayamba kale kuvuta, kapena amene m'mimba mwawo simungayamwe vitaminiyu ngakhale atadya chiwindi cha ng'ombe yonse. Amabaya pafupipafupi masabata oyamba, kenako patalipatali monga dokotala waonera. Jekeseni amagwira msanga, koma amafuna ulendo wa kukiliniki ndi dzanja la namwino. Mapiritsi ndi osavuta koma amafuna munthu wosaiwala.

Zinthu ziwiri apa ndisazisiye. Metformin sasiyidwa chifukwa cha B12. Mumapitiriza, n'kuwonjezera vitaminiyo pambali. Ndipo musamwe folic acid yekha pofuna "kuwonjezera magazi" musanadziwe za B12, chifukwa folic acid amakonza magazi n'kubisa vuto, uku minyewa ikupitirira kufa. Minyewa ikakhala nthawi yaitali yopanda B12, ina sibwereranso.

Nanga B-complex ndi "mavitamini a mitsempha"?

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsika, ine ndemwe ndinali mmodzi. Timapiritsi tachikasu tija timatcha B-Co, timene timasandutsa mkodzo kukhala wachikasu kwambiri, anthu amaganiza kuti muli ma B onse. Tembenuzani paketi muwerenge. Tambiri timakhala ndi B1, B2, B3, mwina ndi B6, koma B12 mulibe, kapena alimo wongolawitsa. Chikasu cha mkodzocho ndi B2 amene thupi likutaya, si chizindikiro chakuti mankhwala "akutsuka."

Kenako pali amphamvu aja osakaniza B1, B6 ndi B12, monga Neurobion ndi ena ofanana naye, amene wodandaula mapazi amapatsidwa msanga pa kauntala. B12 alimo ndithu. Koma yang'anani nambala ya B6. Thupi limafuna wosakwana 2 mg patsiku, pamene ena mwa mapiritsiwa ali ndi 100 kapena 200 mg m'piritsi limodzi. B6 wochuluka akamwedwa miyezi yambiri amawononga minyewa yomweyo imene mukufuna kuchiza, dzanzi n'kumakula, munthu n'kumawonjezera mapiritsi. Ku Ulaya mu 2023 anatsitsa malire a B6 wa tsiku ndi tsiku kufika pa 12 mg basi. Kumwa masabata owerengeka dokotala atalemba ndi nkhani ina. Kugula wekha chaka chathunthu ndi inanso. Amene ali pa mankhwala a TB n'kupatsidwa pyridoxine, yemwe ndi B6 yemweyo, apitirize monga anauzidwira, chifukwa isoniazid, mmodzi mwa mankhwala a TB aja, amadya B6 ndipo dzenje lawo ndi lenileni.

A impso zofooka asamale koposa. Ku Canada anayesa odwala 238 amene shuga anali atawononga impso zawo, ena n'kuwapatsa folic acid, B6 ndi B12 wambiri pamodzi, ena mapiritsi opanda kanthu. Zotsatira zinatuluka mu 2010: a mavitaminiwo impso zawo zinafooka msanga kuposa anzawo, ndipo matenda a mtima ndi sitiroko anawagwira kwambiri. Ndinakumbuka mawu a amayi aja akuti achilengedwe sapha impso.

Ngati B12 ali bwino koma mapazi akuyakabe, yankho si botolo lina la B. Pali mankhwala enieni a ululu wa minyewa, monga amitriptyline ndi pregabalin, amene dokotala amalemba, kuphatikiza kugwira shuga kuti kuwonongeka kusapitirire.

Vitamini D, m'dziko la dzuwa

Vitamini D wamveka kwambiri zaka zapitazi chifukwa ofufuza anaona kuti anthu amene ali ndi D wochepa amadwala shuga kawirikawiri. Koma kuyendera limodzi si kubalana. Ku America anatenga anthu 2,423 amene anali pakhomo pa matendawa, shuga wokwera koma wosafika poti n'kutchedwa odwala. Theka ankamwa 4,000 IU tsiku lililonse, theka mapiritsi opanda kanthu. Patatha pafupifupi zaka ziwiri ndi theka, mu 2019, anapeza kuti a vitamini D amene anadwala shuga anali 293, enawo 323. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa moti ofufuzawo sanakuwerengere. Mu 2023 ataphatikiza kafukufuku ameneyu ndi ena awiri, anati ngozi imatsika ndi 15 pa 100. Si zachabechabe ayi, ndipo madokotala ena amapereka D kwa anthu a pakhomowa. Koma ikani pambali pake kafukufuku wa 2002 wa Diabetes Prevention Program: kuchepetsa thupi pang'ono ndi kuyenda mphindi 150 pasabata kunatsitsa ngozi ndi 58 pa 100, metformin ndi 31. Kuyenda wapansi kuchoka pa Kulima Tower kukafika ku Kamwala ndi kubwerera kukuposa botolo.

Kwa amene adwala kale, D satsitsa shuga mooneka pokhapokha ngati anali wochepa kwambiri. Ndipo ife khungu lathu limapanga D lokha likaona dzuwa, limene mu Lusaka silisowa ngakhale mu Juni kukuzizira. Wogulitsa tomato pa Soweto kapena wokankha wilibala safunika kugula dzuwa la m'botolo. Amene angapereweredwe ndi agogo ogona m'nyumba osatuluka, odwala impso, ndi anthu a m'maofesi olowa kusanache n'kutuluka kutada. Amenewa ayezetse. D sali ngati B2 amene amatuluka ndi mkodzo; amaunjikana m'mafuta a thupi, ndipo akachuluka amakweza kashiamu m'magazi, kubweretsa miyala mu impso.

C, E ndi zamadzi zotsekemera

Pa E sinditaya nthawi. Kafukufuku wa HOPE anatsata anthu oposa 9,000, oposa 3,000 mwa iwo odwala shuga, theka la onsewo akumwa 400 IU tsiku lililonse kwa zaka zinayi ndi theka. Mtima sunatetezedwe, ndipo atawatsatirabe zaka zina, zotsatira zimene zinatuluka mu 2005 zinaonetsa kuti omwa E ankafooka mtima kuposa anzawo. Botolo limenelo libwerere pa shelefu.

C analowa m'nyumba zathu mwamphamvu nthawi ya COVID-19, makamaka m'miyezi yozizira ya 2021 pamene maliro anachuluka, ndipo ambiri sanasiye. Gwafa mmodzi ali ndi C woposa amene munthu amafuna tsiku lonse. Mapiritsi a 1,000 mg osungunula m'madzi, ochita thovu aja, amakhala ndi sodium wambiri, yemwe uja wa mumchere, ndipo odwala shuga ambiri ali kale ndi BP. C wochuluka amathandiziranso miyala mu impso, komanso amasokoneza timakina tina toyezera shuga, makamaka tomata pamkono, n'kumaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni.

Choopsa mwakachetechete ndi zamadzimadzi zija za "kuwonjezera magazi" kapena "kutsegula chilakolako cha chakudya," ndi timaswiti ta mavitamini totafuna. Limodzi mwa mabotolo a ku Johannesburg linali lotero. Nditawerenga zolembedwa zing'onozing'ono kumbuyo, chinthu choyamba pa mndandanda chinali glucose syrup, yemwe ndi shuga weniweni. Amayi tiyi ankamwa wopanda shuga, monyadira, kenako n'kutafuna tiwiri ta timeneti.

Multivitamin wamba, wa piritsi limodzi patsiku, ndiye wapakatikati. Savulaza ambiri, satsitsanso shuga. Angathandize agogo amene mano anatha ndipo akudya pang'ono, kapena munthu amene wangochira matenda aakulu. Olembedwa kuti ndi apadera a odwala shuga amakhala okwera mtengo, koma mukayerekeza zolembedwa kumbuyo mupeza kuti kusiyana kwake n'kochepa, kupatula chithunzi cha pa paketi.

Kwa amene ali pa ma ARV

Izi anthu sauzana mokwanira, pomwe m'makomboni mwathu muli ambiri onyamula makhadi awiri, la shuga ndi la ART. Piritsi la TLD limene ambiri akumwa tsopano lili ndi dolutegravir. Kashiamu, ayironi, magnesium ndi zinc, zimene zimadzaza ma multivitamin ndi mankhwala owonjezera magazi, zimamata dolutegravir m'mimba n'kumuletsa kulowa m'magazi. Kachilombo kamapeza mpata. Lamulo lake ndi kumwa TLD maola awiri musanamwe zimenezi, kapena maola asanu ndi limodzi mutamwa. Dolutegravir yemweyo amachulukitsanso metformin m'magazi, choncho dokotala wa shuga ayenera kudziwa kuti muli pa TLD kuti aone mlingo. Manyazi a kubisa khadi lina m'chikwama amadula.

Mabotolo a pa WhatsApp, cham'mwamba ndi sinamoni

Botolo la mayi wa kutchalitchi lija ndi limene linali lodula kuposa onse, mtengo wake kuposa thumba la ufa la makilogalamu 25. Linali lokongola, chivindikiro chagolide, masamba obiriwira ojambulidwa pambali. Chikomekome cha mkuyu. Wogulitsayo si munthu woipa. Nayenso anauzidwa pa semina ya mu hotelo kuti akulalikira thanzi, ndipo katundu amene anagula pangongole ayenera kutuluka. Koma ndi iye amene anauza amayi kuti metformin "amaunjikana mu impso" ndipo amwe pokhapokha shuga akakwera. Zoona zake n'zakuti metformin sawononga impso. Chimene chimawononga ndi shuga wokwera ndi BP. Dokotala amachepetsa kapena kusiyitsa metformin impso zikafooka kale, ndipo apa m'pamene mphekesera ija inabadwira.

Muli chiyani m'mabotolo otere? Kawirikawiri chromium, magnesium, sinamoni, mwina ndi masamba ogaya. Chromium wayesedwa kambirimbiri ndipo zotsatira zake zimatsutsana. Magnesium amathandizako pang'ono amene akuperewera, koma kwa wa impso zofooka amaunjikana mpaka kuika moyo pachiswe. Sinamoni wa m'mashopu ambiri ndi wa mtundu wa cassia, amene ali ndi coumarin wovutitsa chiwindi akachuluka. Kuwaza pa phala palibe vuto, kumeza masipuni ndiye ayi. Niacin, kapena kuti B3, akakhala wa mlingo waukulu amakweza shuga m'malo motsitsa. Ndipo pali chinyengo china choipitsitsa: bungwe loyang'anira mankhwala ku America, FDA, lapezapo mankhwala otchedwa achilengedwe muli glibenclamide kapena metformin wobisika wosalembedwa. Oterewa amatsitsadi shuga, wogula n'kuchitira umboni kutchalitchi, koma wina akaphatikiza ndi a kuchipatala amagwa pansi thukuta lili kamukamu, shuga atatsika pansi pa 4. Kuno kwathu woyang'anira mankhwala ndi ZAMRA. Wogulitsa akalephera kukuonetsani kuti katundu wake ndi wovomerezeka kumeneko, kapena akangotchula mawu akuti "amachiziratu shuga," bwezani ndalama m'thumba.

Cham'mwamba ndimachilemekeza. Kwathu ku Katete chimamera kuseri kwa bafa popanda wothirira, ndipo masamba ake ndi ndiwo zabwino, zodzaza ayironi, kashiamu ndi vitamini A. Idyani ngati ndiwo. Chimene sindimvetsa ndi kugula masamba omwewo atapita kunja, kuikidwa m'makapisozi, n'kubwerera pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Umboni wakuti chimatsitsa shuga mwa anthu ndi wa timakafukufuku ting'onoting'ono, wosakwana kuti munthu asiyire mankhwala.

Ndalama yomweyo mukapita nayo ku Soweto

Tsiku lina ndinatenga ndalama yofanana ndi mtengo wa botolo lagolide lija n'kulowa nayo mumsika wa Soweto m'mamawa, malole a ndiwo akutsitsa. Ndinatuluka ndi kapenta wa ku Siavonga, thireyi ya mazira, nyemba, nshawa, chibwabwa, kalembula, bondwe, impwa, delele ndi magwafa, chenji n'kutsala ya minibasi. Kapenta ndi mazira ndiwo B12. Kapenta, poti timadya ndi minga yomwe, ndi kashiamu. Ingomuviikani kaye m'madzi kuti mchere uchepe. Nshawa ndi nyemba ndiwo magnesium amene ena akugula m'botolo. Masamba obiriwira ndiwo folate. Chiwindi kamodzi pasabata chimadzaza nkhokwe ya B12 kuposa china chilichonse, ngakhale amayi oyembekezera ayenera kuchipewa chifukwa vitamini A wake ndi wochuluka mopyola.

Mbale ili ndi chimene botolo lilibe: imasintha shuga weniweniyo. Ndiwo zamasamba zikatenga theka la mbale, mtanda wa nsima umachepa wokha. Ufa wa roller, kapena mgaiwa wa kuchigayo, umasunga gaga ndi mtima wa chimanga, m'mene muli ma B ndi magnesium amene ufa woyera wa breakfast unataya. Koma tisanamizane, nsima ya roller ikakhala mitanda itatu shuga akwera ndithu. Kuphika nakonso kuli ndi mbali yake: soda amene timathira mu delele ndi m'chibwabwa kuti zifewe amapha vitamini C ndi B1, ndipo kuwiritsa masamba mpaka atachita bii n'kutaya madzi ake ndi kutaya zomwe munagula.

Chondiseketsa n'chakuti m'Zambia chakudya chimene boma linalamula kuti chiziikidwa vitamini A, kuyambira 1998, ndi shuga wa pa tebulo. Kwa ana ndi nzeru yabwino. Kwa wodwala shuga, vitamini ameneyo akamufune m'maungu, m'kaloti, m'mbatata zofiira mkati pang'ono, ndi m'masamba.

Malire a mbale nawo alipo. Munthu amene metformin watseka njira ya B12, kapena amene m'mimba mwake simuyamwa, kapenta yekha sangamutulutse m'dzenje. Chimodzimodzi mayi wodwala shuga amene akufuna kutenga pakati: ameneyu amafunika folic acid wa piritsi, ndipo malangizo a m'mayiko ena amati 5 mg patsiku m'malo mwa 0.4 mg wa amayi ena, kuyamba asanaime mpaka miyezi itatu yoyamba, poteteza msana ndi ubongo wa mwana. Apite kukiliniki mimba isanabwere, osati itaoneka.

Palinso kwina kumene kwacha ya mabotolo ikanagwira ntchito yooneka. Mastiripi a kamakina koyezera shuga, amene m'nyumba zambiri anatha kalekale kamakina n'kungokhala m'dilowa. HbA1c kawiri pachaka. Kuyezetsa maso kamodzi pachaka, poti shuga amadya maso mosapweteka. Mkodzo ndi magazi zoonera impso. Mapiritsi a BP osadumphitsa. Nsapato yotseka yosafinya m'malo mwa patapata. Ngati muli ndi khadi la NHIMA, inshuwaransi ya zaumoyo ya boma ija, funsani pa chipatala chanu kuti mwa zimenezi ndi ziti zimene limalipira musanatulutse ya m'thumba.

Amayi aakulu tinapita nawo kukiliniki titanyamula mabotolo onse asanu ndi limodzi mu pulasitiki, pamodzi ndi kathumba ka metformin ndi omeprazole. A dokotala anawandandalika pa tebulo, n'kumawerenga kumbuyo kwa lililonse mosafulumira. Anakankhira asanu kumanzere. Limodzi, multivitamin wamba, anati angamalize ngati akufuna. Analemba kalata ya magazi, ndipo patatha sabata zotsatira zinabwera: B12 wotsika kwambiri, HbA1c pa 9 ndi kakuti. Anayamba jekeseni, metformin n'kubwerera m'mawa ndi madzulo.

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Beseni lija linabwerera ku ntchito yake yochapira. Kutopa kunachepa, ndipo akuti usiku akugona. Chala chachikulu cha phazi lamanzere ndi pansi pake mpaka lero sizimva kanthu, choncho madzulo alionse mdzukulu wawo amawayang'ana kuphazi ndi tochi ya foni kuti aone ngati pali bala. Botolo lagolide lili pomwe paja pa kabati. Nditalitsegula mwezi watha ndinapezamo nthanga za maungu.

"Zodzala mvula ikagwa," anatero amayi. "Chivindikiro chake n'chothina bwino, anankafumbwe salowa."